Utsi wa Lilongwe umafukira kumudzi: tikadziyerekeza ndi Zambia, Tanzania ndi Mozambique

Nkhani ya mpweya wotenthetsa dziko ikabwera, ambirife timaloza chala ku mafakitale a ku Ulaya, America ndi China, ndipo sitilakwitsa. Kaboni amene Mmalawi mmodzi amatulutsa pa chaka kudzera m'mafuta a galimoto ndi malasha ndi pafupifupi tani 0.1, pamene munthu wa ku South Africa amapitirira matani 6. Komabe nafenso tili ndi gawo lathu, ndipo limachokera m'nthaka: mitengo yodulidwa, minda yatsopano, moto wa m'tchire, ziweto ndi feteleza. Ku Zambia, Tanzania ndi Mozambique nakonso n'chimodzimodzi. Chimene chimandivutitsa maganizo n'chakuti mlandu wonse timaukankhira kwa munthu wakumudzi wogwira nkhwangwa, chonsecho amene wamutuma ali m'tauni.

Lilongwe anakhala likulu mu 1975, boma litasamuka ku Zomba. Kalembera wa 1977 anapeza anthu pafupifupi 99,000. Wa 2018 anapeza 989,318. Amene anajambula mapulani a likululi anaumwaza dala mzindawu, Old Town uku, Capital Hill uko, Kanengo ndi Lumbadzi kumpoto, pakati n'kusiyapo tchire ndi mitengo. Anthu atachuluka, mzinda unapitiriza kukula chogona m'malo mokwera m'mwamba. Pitani ku Njewa, ku Chitipi, ku Mpingu kapena njira ya ku Bunda: pomwe dzana panali mizere ya chimanga ndi mtedza, lero pali zikhomo za mapuloti ndi mipanda ya njerwa. Dothi limeneli ndi katondo wachonde, limodzi mwa madothi abwino kwambiri m'dziko muno, ndipo tikulikwirira ndi simenti. Mlimi amene wagulitsa munda wake sasiya kudya nsima. Ndalama ikatha amakafuna malo ena kutali, ndipo malo otsala opanda mwini wolima nthawi zambiri amakhala m'mphepete mwa nkhalango, m'dambo kapena m'phiri. Akagwetsa mitengo n'kutipula nthaka yatsopano, kaboni amene anali m'mitengo ndi m'dothi amapita m'mwamba. Pulotiyo ili ku Lilongwe, utsi wake uli ku Mchinji kapena ku Dowa.

Nyumba ya pa pulotipo nayonso imadya nkhalango isanafoleredwe n'komwe. Aliyense waonapo uvuni wa njerwa: mulu wautali womatidwa ndi matope, m'munsi muli makomo angapo, anyamata akusonkhezera zipika usiku wonse nkhope zili bii ndi utsi. Kale ankaikamo mitengo yachilengedwe. Masiku ano ngakhale mango a m'midzi akugwetsedwa n'kukwezedwa pa ngolo. Pambali pamatsala dzenje lomwe mvula ikagwa limasanduka chithaphwi cha udzudzu. Mu 2018 boma linakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zowotcha pa zomanga za boma ndi zamalonda, ndipo mabuloko a simenti ayamba kuoneka. Koma mzindawu ambiri akuumanga ndi anthu wamba, chipinda chimodzi chaka chino, china chaka chamawa, ndipo kwa iwo njerwa yowotcha ndi imene thumba limakwanitsa.

Amene anafikako ku Lusaka amadziwa kuti kumeneko nyumba zambiri, ngakhale m'makomboni monga Kanyama ndi Chawama, ndi za mabuloko. Mzindawu unakhala pa mwala wa laimu, ndipo fakitale ya simenti ya Chilanga ilipo kuyambira 1949. Simenti si yoyera ayi, pakuti powotcha mwala wa laimu kaboni wambiri amatuluka. Koma kwa ife amene mitengo yatsala yowerengeka, buloko ndi njerwa zopanikiza ndi makina zosawotcha n'zabwinoko, ndipo ndikuona kuti boma likadachotsa misonkho ina pa zipangizo zimenezi kuti womanga wamba azifikire.

Apa pokha ndi pomwe Lusaka akutiposa moonekeratu. Pa zina zonse, Zambia ikutiphunzitsa kuti kukula kwa dziko sikupulumutsa. Dziko lawo ndi lalikulu kuposa lathu kasanu ndi kamodzi, anthu ake 19.6 miliyoni pa kalembera wa 2022, osasiyana kwambiri ndi ife. Koma chiwerengero chimene chimatchulidwa kawirikawiri n'chakuti amataya mahekitala 250,000 mpaka 300,000 a nkhalango chaka chilichonse. Lusaka naye akukula chogona, kulowera ku Chongwe, Chilanga ndi Kafue. Mbali ina ya nkhalango yotetezedwa ya Forest 27, komwe kumayambira mtsinje wa Chalimbana, inachotsedwa pa chitetezo n'kugawidwa mapuloti, anthu n'kukangana mpaka m'makhoti. Ife tili ndi Dzalanyama, gwero la mtsinje wa Lilongwe ndi madamu a Kamuzu ku Malingunde, madzi amene timamwa m'mipopi. Mu 2015 zinafika poti boma linatumizako asilikali kukalondera mitengo.

Asilikali angathe kugwira wowotcha makala, koma m'maiko onse awiri mphika wa m'tauni ukufunabe moto madzulo aliwonse. M'bandakucha pa msewu wa Likuni mumakumana ndi njinga zitasenza matumba atatu kapena anayi, thumba lililonse atalilukira mutu wa timitengo ndi luzi kuti lioneke lalikulu, mwini njinga akukankha thukuta lili kamukamu. Munthu ameneyu sakulemera. Pa uvuni wa dothi, kilogalamu imodzi ya makala imadya makilogalamu 5 mpaka 10 a nkhuni, ndipo utsi wa uvuniwo uli ndi methane, mpweya umene umatenthetsa kuposa kaboni pafupifupi ka 28. M'Malawi muno mabanja oposa 9 pa 10 aliwonse amaphikira nkhuni kapena makala, kuphatikizapo amene ali ndi magetsi m'nyumba. Chifukwa chake tonse tikuchidziwa. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 n'kuchoka nthawi imodzi, ndipo mdima unatenga chaka chathunthu ndi miyezi. Anzathu a ku Zambia zinawagwera mu 2024: chilala chinachepetsa kwambiri madzi m'damu lawo la magetsi la Kariba, magetsi n'kumazima maola oposa 20 pa tsiku, mabanja amene anazolowera kuphikira magetsi n'kubwerera ku mbaula. Yankho lawo lina lakhala kukulitsa siteshoni ya malasha ya Maamba, yomwe inali ya mamegawati 300. Sindingawaweruze mopepuka, pakuti mdima ndi wowawa. Koma njira imeneyo ikuwonjezera utsi womwewo umene ukusokoneza mvula. Ife tinayamba bwino ndi magetsi a dzuwa a mamegawati 60 ku Salima ndi 20 ku Golomoti, ndipo kumeneko ndi koyenera kulimbikira, chifukwa Nkula, Tedzani ndi Kapichira onse amamwa mtsinje umodzi wa Shire.

Ku Tanzania anaganiza zoyambira pa mphika penipenipo. Mu 2024 anakhazikitsa ndondomeko ya zaka 10 yofuna kuti pofika 2034 mabanja 80 pa 100 aliwonse aziphikira njira zosafuka utsi, ndipo Pulezidenti Samia Suluhu Hassan anaitenga nkhaniyi ngati yakeyake. Chimene chinandigwira mtima ndi lamulo lakuti malo odyetsa anthu oposa 100 pa tsiku, monga sukulu zogonera konko, ndende ndi misasa ya asilikali, asiye nkhuni ndi makala. N'zoona kuti iwo ali ndi doko la Dar es Salaam ndi gasi wawo wa ku Songo Songo ndi Mtwara, pamene ife silinda iliyonse ya gasi imabwera pa lole ndipo imafuna ndalama zakunja zomwe zimasowa. N'zoonanso kuti makala akadali ochuluka m'misika ya Dar es Salaam. Koma kuyambira pa makhitchini akuluakulu n'kwanzeru, chifukwa ndi ochepa, ndi odziwika, ndipo ambiri ndi a boma lomwelo. Ku Kilosa, m'chigawo cha Morogoro, midzi ina inagawa nkhalango zawo m'zigawo, n'kumawotcha makala m'chigawo chimodzi pamene zina zikuphukira, msonkho n'kumalowa m'thumba la mudzi. Mitengo ya tsamba ndi mombo imaphukanso pa chitsa ngati mbuzi ndi moto sizikuivutitsa. Ife tili ndi ndondomeko ya makala ya 2017 mpaka 2027, ndipo lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa mu 2020, koma makala ovomerezeka ndi ochepa kwambiri pa msika. Ndikadakonda midzi yozungulira Dzalanyama ikadakhala ndi ufulu wotere, woti mtengo woimirira ukhale chuma chawo.

Za mayendedwe ndidutsepo msanga. Dar es Salaam, mzinda wa anthu oposa 5 miliyoni, unatsegula mu 2016 mabasi akuluakulu oyenda m'njira yawoyawo kuchokera ku Kimara kufika ku Kivukoni. Anthu amapanikizana ndipo amadandaula, koma basi imodzi imanyamula anthu amene kuno angadzaze maminibasi angapo. Ife takulitsa misewu monga wa Kenyatta, mitengo yambiri n'kugwa, koma wochokera ku Area 25 kapena Area 36 akudalirabe minibasi ndi kabaza wa njinga yamoto. Mzinda ukamwazikana, ulendo uliwonse umatalika, ndipo mafuta ake timalipira tonse.

Tibwerere kumunda, chifukwa kumeneko ndiye kuli mtima wa nkhaniyi. Feteleza wa urea akathiridwa, mbali ina imasanduka nitrous oxide, mpweya woposa kaboni mphamvu pafupifupi ka 270. Ena akamva izi amafulumira kunena kuti alimi asiye feteleza. Ine ndimakana. Mayi amene ali ndi munda wosakwana hekitala imodzi ku Mitundu akapanda kukolola zokwanira, mwana wake ndi amene adzalowe m'nkhalango ndi nkhwangwa mwezi wa Januwale. Kukolola zambiri pa malo ochepa ndi njira imodzi yosungira mitengo. Vuto lathu ndi la anzathu a ku Zambia n'lofanana: maiko onse awiri akhala akuthira ndalama zankhaninkhani m'feteleza wotsika mtengo, ife kuyambira 2005 ndi FISP kenako AIP mu 2020, koma nthaka yatopa moti fetelezayo sagwira bwino. Chaka ndi chaka timagalauza mizere, mapesi n'kuwatentha, pena kungofuna kusaka mbewa, chakudya cha nthaka n'kuthera m'malawi a moto.

Ku Zambia bungwe la Conservation Farming Unit lakhala likuphunzitsa alimi kuyambira m'zaka za m'ma 1990 kukumba timaenje tokhazikika, kusiya mapesi pamwamba ndi kubzala misangu m'munda. Msangu ndi mtengo wathu womwe, umayoyola masamba nthawi ya dzinja, chimanga chapansi pake n'kumabiriwira popanda kuphimbidwa. Kuno ulimi wa mtayakhasu timaudziwa, manyowa a Mbeya alimi ambiri akupanga okha, ndipo ku Chitedze ndi ku Bunda akatswiri alipo. Koma kumbali zonse ziwiri za malire alimi ambiri amasiya njirazi pulojekiti ikatha, chifukwa kupalira kumachuluka ndipo mapesi amafunidwanso ndi ng'ombe. Chimene ndimachisirira chili pafupi pompa, kungodutsa Mchinji kulowa ku Chipata ndi Lundazi. Kampani ya COMACO imagula mtedza, mpunga, soya ndi uchi kwa alimi amene alonjeza kusamala nthaka ndi nkhalango, n'kumagulitsa chiponde chake m'masitolo a m'tauni. Kumeneko wogula wa ku Lusaka akuthandiza kusunga mtengo wa ku Luangwa. Anthu ake ndi Achewa ndi Angoni anzathu, mvula yofanana, mbewu zofanana. Palibe chotiletsa kuchita zomwezo ndi mtedza wa ku Nsundwe ndi Kasiya.

Mozambique ili ndi nkhope ziwiri. Mu 2021 inakhala dziko loyamba kulandira malipiro kuchokera ku thumba la nkhalango la World Bank, madola 6.4 miliyoni, itasonyeza kuti m'maboma ena a ku Zambézia kudula mitengo kwachepa ndipo matani 1.28 miliyoni a kaboni sanatuluke. Dziko lomwelo limakumba malasha ku Moatize, ndipo sitima zake zimadutsa kwathu kuno, pa Nkaya ndi Liwonde, kupita ku doko la Nacala. Ndalama za kaboni n'zabwino zikafika m'manja mwa anthu osunga nkhalangowo. Zikathera m'maofesi, mlimi adzangoona kuti amuletsa kulima popanda chomupatsa. Ife tinalonjeza mu 2021 kuchepetsa mpweya woipa ndi 51 pa 100 pofika 2040, koma magawo 6 okha mwa magawo 51 amenewo ndi amene tinati tichita ndi mphamvu zathu, otsalawo akudikira thandizo lakunja.

Chimene sichifuna madola ndi kagawidwe ka malo. Ku Mozambique nthaka yonse ndi ya boma, munthu amangopatsidwa chilolezo choigwiritsa ntchito, komabe Maputo ndi Matola zamwazikana ngati mizinda ina yonse. Choncho mwini nthaka kaya ndi boma kaya ndi mfumu, chofunika ndi woyang'anira. Lamulo lathu la mapulani la 2016 linanena kuti dziko lonse liziyendera mapulani, osati mizinda yokha. Koma kukula kwenikweni kwa Lilongwe kukuchitikira kunja kwa malire a khonsolo ya mzinda, pa malo a mafumu, komwe puloti imagulitsidwa msewu, ngalande ndi mpopi zisanafike. Khonsolo ya mzinda, khonsolo ya boma la Lilongwe ndi mafumu athu akuyenera kukhala pansi n'kulemberatu kuti dambo ili ndi minda iyi sizimangidwa, nyumba zipite uku. M'kati mwa mzinda muli mapuloti akuluakulu okhala ndi nyumba imodzi, ndi ena ongotchingidwa mpanda kwa zaka zambiri osamangidwa. Amenewo ndiwo ayambe kudzazidwa, ndi nyumba zosanjikiza za lendi yoti mphunzitsi ndi namwino angakwanitse, tisanakakhomenso zikhomo m'minda ya ku Mpingu.