Amuna 60 m'kafukufuku wa Evelyn Hooker

Alembi, mwayesa phindu la kafukufuku wa zamaganizo pa nkhani za chikondi ndi kugonana pongowerenga kuti akatswiri ena atchula kangati pepala lililonse. Ine ndikuona kuti muyezo umenewo ndi woperewera.

Taonani za Evelyn Hooker, katswiri wa zamaganizo wa ku yunivesite ya UCLA ku America. Mu 1957 anafalitsa zomwe anapeza pa amuna 60 okha, 30 okonda amuna anzawo ndi 30 okonda akazi. Onse anawaonetsa zithunzi za madontho a inki zotchedwa Rorschach, zomwe amayesera maganizo a munthu pomufunsa zimene akuonamo, kenako mayankho awo anawapereka kwa akatswiri osawauza kuti ndi a ndani. Akatswiriwo analephera kusiyanitsa magulu awiriwo, ndipo palibe gulu lomwe linaoneka losokonezeka maganizo kuposa linzake. Nzeru yake inali pa kasankhidwe ka anthu. Ofufuza am'mbuyomo ankadalira odwala a m'zipatala ndi akaidi, koma iye anatenga anthu wamba omwe ankadzikhalira kwawo n'kumapita kuntchito.

Anthu 60 ndi ochepa, inde, ndipo ena anawapeza kudzera m'bungwe la Mattachine Society, lomenyera ufulu wa amuna okonda amuna anzawo, zomwe otsutsa amatchulabe mpaka lero. Komabe mu 1973 bungwe la madokotala a maganizo ku America la American Psychiatric Association linachotsa kukondana kwa amuna kapena akazi okhaokha pamndandanda wa matenda a maganizo, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO n'kutsatira mu 1990. Sikuti ndi Hooker yekha amene anachititsa zimenezi ayi, zionetsero za omenyera ufulu wa anthuwa nazo zinakankha kwambiri.

Chomwe chimandivuta n'chakuti kafukufuku wotere wambiri amachitikira ku America, kawirikawiri pa ophunzira a m'mayunivesite. Za maukwati akwathu kuno, komwe ankhoswe ndi atsibweni ali ndi mawu, mabukuwo sanena zambiri.