Buku lili kwa ejenti ku London, ine ndikulikonzabe ku Ulónguè

Kuno ku Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ukati ejenti, anthu amaganiza za mnyamata wa pansi pa ambulera wotumiza ndalama pa M-Pesa. Amene ndikunena ine ndi mkhalapakati wa mabuku. Amatenga zimene walemba n'kukazitsatsa kwa osindikiza akuluakulu a ku London kapena New York, ndipo zikagulidwa amatapapo 15 peresenti, kapena 20 ngati bukulo lagulidwa kudziko lina. Weniweni salipiritsa kuti awerenge.

Buku langa ndinalilemba m'Chichewa, m'makope anayi, usiku ndikatha kuchonga ntchito za ana. Mnzanga wa ku Dedza, amene timakumana pa Calómuè, pamalire a Mozambique ndi Malawi, ndiye anandithandiza kuliika m'Chingerezi. Tinatumiza kwa maejenti asanu ndi awiri zimene iwo amafuna: kalata yaifupi, tsamba lofotokoza nkhani yonse mpaka kumathero, ndi mitu itatu yoyamba. Patatha miyezi iwiri mmodzi anayankha kuti nditumize lonse. Ndinatumiza tsiku lomwelo, manja akunjenjemera.

Sabata yotsatira amalume, amene anapuma pauphunzitsi, anandibwezera makope aja atadzaza inki yofiira. Anandikhazika pakhonde, n'kutsegula mutu 14, chala chili pamzere.

"Mphwanga, mudzi uwu mwati ndi wa ku Macanga, eti? Nanga mkamwini ameneyu akulimbirana munda wa yani? Pachikamwini munda ndi wa mbumba. Mkazi wake atamwalira, iyeyu akanasudzulidwa n'kubwerera kwawo."

Ndinangoti kakasi. Mlandu wa munda umenewo ndiwo msana wa nkhani yonse, mitu isanu ndi umodzi itsamira pamenepo. Ndipo buku lolakwikalo linali kale m'manja mwa ejenti anayankha uja, mayi wa ku London.

Mnzanga wa ku Dedza sanaone chovuta. "Achimwene, ingokonzani mutumize lina, muwauze kuti loyamba lija alitaye. Mukapezanso china mudzatumizanso." Sindimuimba mlandu, chifukwa ku Malawi zimayenda choncho. Kulibe mkhalapakati. Mlembi amanyamula yekha zolemba zake kupita kwa osindikiza monga Dzuka, CLAIM kapena Montfort Media ku Balaka, ndipo ambiri amalipira okha kuti buku lituluke. Munthu amene mukudziwana naye, mwinanso munakumana ku msonkhano wa Malawi Writers Union, mukhoza kumuimbira foni kuti tsamba lakutilakuti lidikire kaye. Ubwino wake ndi waukulu kuposa mmene alembi a kumeneko amauonera: mkonzi wa ku Lilongwe kapena ku Zomba akanaliona msanga vuto la mkamwini lija. Kuipa kwake n'kwakuti msika wagona pa mabuku a sukulu, ndiye nthano yaitali imene sili pasilabasi imasowa woifuna.

Kwathu ku Mozambique njira ndi ina, ndipo imalankhula Chipwitikizi. Bungwe la alembi la AEMO lilipo kuyambira 1982, koma lili ku Maputo, kutali kwambiri ndi ife kuposa Lilongwe. Ku Beira kuli osindikiza a Fundza. Alembi ambiri amayamba ndi kufunafuna kampani yoti ilipire kusindikiza, ena amadzera m'mipikisano, kumene umatumiza ndi dzina lobisika ndipo tsiku likatsekedwa palibenso kukhudza ngakhale chilembo chimodzi. Mphoto ya José Craveirinha ndalama zake zimachokera ku kampani ya Cahora Bassa, damu lili pa Songo pompano m'chigawo chathu, koma wolemba m'chilankhulo cha anthu a ku Tsangano saiona ngati yake. Zimandiwawa. Ndipo ngakhale a Mia Couto, mlembi wotchuka wa dziko lathu amene analandira mphoto ya Camões mu 2013, owagulitsira mabuku kunja ali ku Frankfurt, ku Germany.

Ku Zambia, Chinyanja ndi chimodzi mwa zilankhulo zisanu ndi ziwiri zophunzitsidwa m'sukulu, choncho wolemba wa ku Chipata amayang'ana ku Lusaka ndi ku silabasi, monga anzathu a ku Malawi. Amene dzina lake lamveka patali, Namwali Serpell, buku lake la 2019 linatulukira kunja, iye akukhala ku America.

Ndiye m'mayiko atatu onsewa tinazolowera zinthu ziwiri: kukonza mpaka tsiku lomaliza chifukwa wosindikiza ndi mnzathu, kapena kutumiza n'kungokhala duu chifukwa ndi mpikisano. Kwa ejenti zonse ziwiri sizigwira. Amalandira mulu wa makalata sabata iliyonse ndipo kawirikawiri amawerenga buku lako kamodzi kokha. Ukamamutumizira latsopano mwezi uliwonse, amaona kuti unakumba mbatata khungu lisanakhwime. Koma ukangokhala chete vuto lili lalikulu chonchi, awerenga buku limene iwe mwini wasiya kulikhulupirira.

Ndinachita izi. Asanu ndi mmodzi aja, amene anali ndi mitu itatu yokha, sindinawalembere, poti mituyo sinasinthe. Kutumiza kwa ena atsopano ndinaimitsa. Kwa mayi uja ndinalemba mizere inayi: kuti ndapeza cholakwika chachikulu pakatikati pa nkhani, kuti kukonza kunditengera miyezi itatu, ndipo ngati sanayambe kuwerenga ndikupempha kutumiza lokonzedwalo kamodzi kokha. Anayankha kuti anali asanafikepo, ndipo adikira. Chikhala kuti zinali zilembo zochepa zolakwika, sindikanamuvutitsa n'komwe. Kuyambira pamenepo fayilo iliyonse ndimaipatsa deti, ndipo kumapeto kwa kope lachinayi ndinajambula mizere yolembamo amene ali ndi chiyani, ndi tsiku limene ndinatumiza.

Kukonzaku kwadzutsanso nkhani ina imene alembi a m'malire okha amaidziwa. Buku la Chichewalo ndililembe motani? Ku Malawi amalemba chaka, chimanga. Kuno ndi ku Zambia timalemba caka, cimanga. Ana amene anayamba kuphunzira m'chilankhulo chawo kuno ku Tete, pa ntchito yoyesera ya PEBIMO ya 1993 mpaka 1997, ndi onse owatsatira, anazolowera c. Ndikasankha ch ndiye kuti ndaloza ku Blantyre, ndikasankha c ndaloza kwa ana anga a m'kalasi. Mayi wa ku London sadzadziwa n'komwe kuti funso limeneli lilipo.

Panopa ndatsala ndi milungu isanu. Mkamwini uja ndamusandutsa mlongo wake wa malemu, ndipo mlandu wakula kuposa kale, chifukwa tsopano akulimbana ndi ana a mlongo wake yemwe. Amalume afika mutu 17. Dzulo anandiitanitsa kuti pamaliro a m'mutu umenewo adzukulu ndawaiwala, ndipo palibe amene wakumba manda.