Mukatenga katundu mu okala mwanga, lipirani

Lero ndiyankhula, wokwiya akwiye. Ndakhala ndikumeza mate poopa kuti anthu anena kuti ndine wamwano, koma pano zandikwana.

M'mawa uno pawindo la okala pafika mwana wa alamu anga, jumbo ili m'manja. Akuti, "Amayi akuti mundipatse shuga, mafuta a lita, sopo wochapira ndi mazira, akuti mulembe." Mulembe! Ndalama palibe, ngakhale kauthenga kofunsa kuti bala likupola bwanji palibe. Ine ndili pampando dzanja lili pamimba, poti chichitireni opareshoni sindikutha kuima nthawi yaitali. Mwanayo ndamuuza mwaulemu, poti iye alibe mlandu, kuti pita ukawauze amayi ako kuti kope latsekedwa, abwere ndi ndalama. Dzuwa lisanafike pamutu, pagulupu ya banja pa WhatsApp payamba kugwa mavesi a kupatsa. Wina akuti ndalama zimasintha anthu. Wina akuti matenda aja sanandiphunzitse kanthu. Azakhali nawo aponyapo kuti chibale ndi fupa, sichiola.

Inde azakhali, chibale sichiola. Koma mpamba umaola, ndipo wanga mwauoletsa ndinu.

Abale anga, okala si nkhokwe ya fuko. Katundu amene mumamuona pashelefu uja si wanga, ndi wa geni. Ngakhale ine mwini wake ndikafuna paketi ya mchere yophikira kunyumba, ndimatulutsa ndalama m'chikwama n'kuponya m'kabati. Ana anga amadziwa kuti bisiketi ya mu okala sadya ulele. Nanga inu ndinu yani kuti muzingotuma mwana ndi jumbo?

Mwina simudziwa mmene timapezera phindu, ndikuuzeni. Belo la shuga limakhala ndi mapaketi 20 a kilogalamu imodzi. Ndikalipikula kwa Malangalanga, ndilipire wonyamula kukafika pa depoti, ndilipire minibasi ine ndi katundu yemwe, nditsike ndikwere kabaza, phindu lotsala pa belo lonselo silipitirira mtengo wa paketi imodzi kapena ziwiri. Ndiye inu mukatenga mapaketi awiri n'kunena kuti "mulembe", belo lonse lija ndagulitsira mphepo. Ndadzuka m'bandakucha, ndapanikizika m'minibasi, ndakhala pawindo kuyambira m'mawa mpaka usiku, zonsezo kuti inu mumwe tiyi wotsekemera. Mafuta ophikira chimodzimodzi. Chigubu chonse ndimachipima pang'onopang'ono m'timachubu, phindu lake limabwera kumapeto kwenikweni, pamene chigubu chikutha. Inu mukadulapo lita pakati, chatsala n'chiyani?

Ndipo mumati ndi zazing'ono. "Ndi kashuga chabe." "Ndi kasopo kamodzi basi." Akuluakulu adati pang'onopang'ono ndi mtolo. Mtolowo ndauona ndi maso anga nditatuluka m'chipatala. Pamene ndinali kuchipatala okala anatsala nayo mwana wanga wamkazi, woti sangawakanize amalume ake, sangawayankhe azakhali ake. Anthu anapezerapo mwayi. Ndabwera ndapeza mashelefu ali mbee, kabati muli ndalama zosakwana n'kuoda komwe, koma kope ladzaza mpaka kuchikuto. Ndikuwerenga mayina, palibe mlendo. Onse ndi anthu oti tikakumana pamaliro timakhala pamkeka umodzi. Munthu ali pabedi, madokotala amung'amba pamimba, inu muli kalikiliki kukolola mu okala mwake. Manyazi mulibe?

Anthu achilendo amalipira. Mayi wogulitsa mandasi paseli apa akatenga ufa wa tirigu m'mawa, madzulo ndalama yafika, osachita kukumbutsidwa. Anyamata a kabaza akatenga buledi ndi Sobo, pofika usiku andiponyera pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Aphunzitsi ena apafupi pano amatenga pa ngongole mwezi wonse, koma malipiro akangolowa amayamba kudzera pano asanapite kwina. Amenewo ndi makasitomala, ndipo kope lawo silidzatsekedwa. Koma wachibale? Wachibale ukamukumbutsa amakuyang'ana ngati wamutukwana. "Iii, mpaka kulonjerera m'bale wako?" Eya, mpaka kulonjerera. Munatenga katundu, lipirani.

Chondipweteka kwambiri n'chakuti ndalama muli nazo. Musandinamize kuti zinthu zavuta, zavuta kwa tonse. Tsiku limene mwalandira ndalama mumakwera minibasi kupita kusitolo zikuluzikulu za m'tauni, kukankha ngolo, kulipira pa kauntala opanda kunenerera ngakhale tambala, n'kujambula zithunzi kuika pa sitetasi. Kumeneko simunena kuti "mulembe". Kumeneko simutchula chibale. Zikatha, mwezi uli pakati, ndiye mwakumbukira kuti kuli mlamu wanu wa okala. Ndalama zanu n'za eni masitolo, ine gawo langa ndi ngongole. Ndiye mukuti ine ndasintha?

Ena mumati, "Tidzabweza, bwanji kodi?" Mudzabweza liti, ndipo mudzabweza zingati? Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, inagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 usiku umodzi. Aliyense wa geni akukumbukira mmene mitengo inadumphira sabata imeneyo, ena ogulitsa zopikulitsa anachita kutseka zitseko kuti ayambe asintha mitengo. M'kope langa muli ngongole zakale kuposa pamenepo. Munthu anatenga shuga pamtengo wa nthawi imeneyo, akadzabwera lero ndi ndalama yomweyo, monyadira, akuti ndabweza. Wabweza chiyani? Ndalama imeneyo lero sigula paketi ija. Ngongole yochedwa ndi kuba ndithu, kungoti wakubayo amabwera akumwetulira n'kukupatsa moni.

Ndipo mpamba umenewu sindinatole pamsewu. Ndinakongola ku banki m'khonde, kumene amayi anzanga samva za chibale. Tsiku lokumana likafika umabwera ndi ndalama pamodzi ndi chiongoladzanja chake, ukachedwa pali chindapusa, ukalephera amabwera kunyumba gulu lonse kudzanyamula mipando anthu akuona. Ngakhale pamene ndinali kuchipatala, bambo akunyumba ankapereka m'malo mwanga, chifukwa buku la gulu silidwala. Tsono ine ndizilipira chiongoladzanja pa shuga amene munamwera tiyi inu? Mukufuna mpaka ndikagwe m'manja mwa akatapila kuti mukhutire?

Mankhwala amene ndikumwa pano ndikugula ndekha ku famase. Adokotala anandiuza kuti ndisanyamule zolemera, ndizidya bwino, ndizipita kukaonetsa bala. Zonsezo ndi ndalama. Kusanyamula zolemera kukutanthauza kuti ngakhale kreti ya zakumwa ndiyenera kulipira mnyamata woti andinyamulire. Kudya bwino kukutanthauza mazira omwewo amene mukutuma mwana kuti adzatenge ulele. Ndalama ya galimoto yopitira kuchipatala ituluka mu okala momwemu. Mukamatenga katundu osalipira, dziwani kuti mukutenga mankhwala anga. Ndanena mosapsatira kuti mumve bwino.

Nanga nyumba? Aliyense amene anafikapo kwathu akudziwa mmene denga lathu lilili. Malata ndi akalekale, adzimbiri, mvula ikagwa timachita kusuntha bedi n'kutchera mabeseni. Chipinda chimene tinawonjezera kumbuyo chinafika pa linta n'kuima pompo, udzu wamera m'kati. Ndinkasunga pang'onopang'ono kuti tigule malata ndi mapulanga mvula isanayambe, tipake pulasitala, anyamata asiye kugona pabalaza. Ndikawerengera zimene zili m'kope lija, malata angapo ali momwemo. Matumba a simenti ali momwemo. Denga langa lili m'mimba mwa abale anga. Ndipo anthu omwewa akabwera kudzacheza amayang'ana kudenga n'kumati, "Koma alamu, nyumbayi simukuimaliza bwanji, chikhalirecho muli ndi bizinesi?" Ndiimaliza ndi chiyani, ndi mayina anu a m'kope? Ku Mchesi ndikapereke kope kuti andipatse mapulanga?

Ndikudziwa kuti tinaleredwa pogawana, ndipo ena zinthu zawathina zenizeni. Zimenezo sindikukana. Koma kupempha n'kwina, kukongola n'kwina. Ngati kunyumba kwagona njala, bwerani nokha, osatuma mwana, mukhale pansi mundiuze kuti achemwali zavuta. Ndilowa m'nyumba mwanga, osati mu okala, ndikupatsani ufa wa m'thumba langa ndi mtima woyera, ndipo sindidzakufunsani. Ndachitapo zimenezi kambirimbiri ndipo amene ndinawathandiza akudziwa. Apongozi anga sanayambe atengapo kanthu mu okala osalipira, chikhalirecho ndi okalamba, ndalama zawo amamanga pansonga ya chitenje. Amamasula mfundo ija, kuwerenga makobidi, kulipira, ine n'kuwawonjezera kena kake mwa kufuna kwanga. Ngati gogo wa zaka zimenezo akudziwa kuti geni ndi geni, inu a pantchito, a mafoni akuluakulu, chikukuvutani n'chiyani?

Chimene ndikukana ndi bodza lija lakuti "mulembe", pamene mumtima mukudziwa kuti simudzalipira. Kulemba kumeneko n'kwa chiyani? Kungondithera mapeni.

Ndipo musamatume ana. Ili ndiye khalidwe lonyansa kwambiri. Mumadziwa kuti munthu wamkulu sangabweze mwana chimanjamanja osamva chisoni, ndiye mumabisala kumbuyo kwa mwana. Mwana akabwerera ndi jumbo yopanda kanthu, mumamuuza kuti azakhali ako ndi oumira. Mukuphunzitsa ana kudana ndi ine pa mlandu wanu. Bwerani nokha mudzandiyang'ane m'maso.

Anzanga a geni, ndikudziwa kuti si ine ndekha. Wa saluni amaluka abale ulele Loweruka lonse, makasitomala olipira akudikira pabenchi mpaka kutopa n'kumapita. Telala amasokera akwawo mayunifolomu a ukwati, ulusi wake, magetsi ake, malipiro ake ndi "zikomo, Mulungu akudalitseni". Woweta nkhuku akangoti zakula, abale ayamba kubwera kudzazonda, aliyense pochoka wanyamula imodzi "ya alendo", pamene chakudya cha nkhukuzo anagula ndi ngongole. Geni ikagwa, anthu omwewo ndi amene amayamba kunena kuti analibe mutu wa bizinesi. Ena mpaka amati anamulodza. Palibe anamulodza, munamudya ndinu. Tayang'anani maokala amene anatsekedwa m'dera lanu, amene pano asanduka mosungira makala, mufunse eni ake kuti kope lawo munali mayina a ndani.

Ndiye kuyambira lero mu okala mwanga mulibe mlamu, mulibe msuweni, mulibe amalume. Muli kasitomala. Chibale tikachitira kunyumba, pakhonde, ndikuphikirani tiyi ndi shuga amene ndagula ndekha. Amene muli m'kope, simukusowa kuti ndikutchuleni, mukudzidziwa. Nambala yanga muli nayo, ndi yomwe ija mumaimbira mukafuna katundu. Tumizani ngakhale pang'onopang'ono, ndilandira. Koma musadzabwerenso ndi jumbo musanafafanize dzina lanu. Mundichotse pagulupu ngati mukufuna, mwina foni yanga ipumako.

Poti ndayamba kale, ndimalize ndi inu amisiri. Inunso mwanditopetsa. Mmisiri amene anatimangira chipinda chija, nayenso ndi wa kubanja, tinamutenga poti ndi wathu, tisapatse ndalama anthu akunja. Anabwera ndi tepi yake, kuyeza uku ndi uku, kutiwerengera mapulanga ndi misomali, n'kunena kuti mundipatsiretu theka la ndalama ya ntchito kuti ndipeze anyamata. Tinapereka. Chichokereni tsiku limenelo, foni yake imangoitana. Ikayankhidwa, ali kumaliro. Sabata inayo, ali kumaliro ena. Mudzi wake wokhawo ndiye ukutha anthu? Kenako ukumva kuti akukhoma denga la munthu wina ku Area 49, ndi anyamata omwe aja amati akuwafunafuna. Mumagwira ntchito zitatu nthawi imodzi, ndalama ya uyu mukutsekera dzenje la uyo, ndipo amene amatsalira nthawi zonse ndi wachibale, chifukwa mukudziwa kuti sangakutengereni kupolisi. Zida zake anasiya kuno, wilibala ndi mashovelo, akuti ndi chizindikiro chakuti abweranso. Wilibalayo ndaimangirira ndi tcheni kumtengo wa mango, akaifuna abwere ndi ndalama yanga kapena ndi hamala.