Thanki, phaketi, scud ndi kegi: mmene ife ndi aneba athu timathirira mowa

Anthu akamakangana za mowa wa kuno ndi wa aneba nthawi zambiri amangolimbana za kakomedwe, wina Green wina Mosi wina 2M, koma ine ndimaona kuti kusiyana kwenikweni kuli pa chotengera. Mowawo umafika bwanji pakamwa pa munthu, mu thanki, mu phaketi, mu botolo kapena pa mpopi? Chifukwa amene wagwira chotengeracho ndi amenenso wagwira ndalama, ndipo Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa aliyense anatenga njira yakeyake ngakhale mapira ndi chimanga chake ndi chomwecho.

Tiyambe ndi kegi yeniyeniyo kuti tizimvana. Ku England kale mowa unkakhala mmigolo yamatabwa mchipinda cha pansi pa bala komwe kumazizira, ndiye mnyamata amatsika ndi jagi kukatunga. Mu 1797 Joseph Bramah analembetsa pampu ya pamanja yokoka mowa kuchokera pansipo mpaka pa kauntala. Kenako mma 1930 kampani ya Watney's ku London inayamba kusefa mowa, kuutenthetsa kuti yisiti ife, nkuuika mu mgolo wachitsulo wotseka ndithu, kumaukankha ndi mpweya wa carbon dioxide. Imeneyo nde kegi imene timaidziwa lero. Guinness anabwera mu 1959 ndi nzeru yosakaniza nitrogen kuti thovu lizikhala losalala. Koma mfundo ndi imodzi basi, kegi imafuna mowa umene wasiya kuwira. Pamene mowa wathu wa masese ndi wamoyo, umawirabe uli mnjira, tsiku loyamba ndi wozuna ngati thobwa mphamvu yake osafika olo 1 peresenti, pofika tsiku lachinayi kapena lachisanu wakwera kufika cha mma 4 kenako wasasa, wotaya. Ukautsekera mu chitsulo umaphulitsa. Ndiye aliyense amene ankafuna kupanga bizinesi yaikulu ndi mowa umenewu amayenera kaye kuyankha funso limeneli, tiuika muti?

South Africa anayankha ndi thanki, ndipo yankho lawo linali lankhanza. Mu 1908 ku Natal kunakhazikitsidwa lamulo lopatsa makhonsolo mphamvu yofulula ndi kugulitsa okha mowa wa anthu akuda, Durban inayamba chaka chotsatira, ndipo matauni ena anatengera. Khonsolo imafulula, imathira mmathanki akuluakulu mu holo ya mowa, amuna amafola pamzere kugula, ndalama yake nkumayendetsera makomboni ndi mahositelo omwewo amene anthu ankapanikizidwamo. Mzimayi amene akufulula pakhomo pake kuti ana adye amasanduka wolakwira lamulo, apolisi kumabwera kudzagubuduza madiramu ake. Nchifukwa chake mu 1929 kunali zipolowe za mabawa ku Durban, mu 1959 azimayi a ku Cato Manor analowa mmabawa kuthamangitsa amuna ndi kutaya mowa, ndipo mu 1976 ana asukulu a ku Soweto anaotcha mabawa. Komanso tisaiwale kuti munthu wakuda sankaloledwa kugula mowa wachizungu mpaka 1962. Agogo athu amene anapita ku Joni pa Wenela anakamwa mowa wa mthanki umenewu, sanali kumwa mwaufulu ayi, anali kulipira msonkho wa pakamwa.

Zimbabwe anatengera zomwezo koma kwa iwo bawa linazika mizu mpaka kusanduka chikhalidwe. Ku Bulawayo khonsolo ili ndi kampani yakeyake ya Ingwebu, ku Harare mabawa a khonsolo ankayendetsedwa ndi Rufaro Marketing, ndipo bawa la kumeneko si kachipinda ayi, ndi bwalo lalikulu lampanda, mabenchi, mitengo yamthunzi, zenera logulirapo kumene munthu amatsegula mpopi nkudzaza chikapu chachikulu chapulasitiki. Chikapucho sichikhala cha munthu mmodzi, chimazungulira, wamwa wapukuta pakamwa wapatsa mnzake. Chibuku inayamba kufululidwa kumeneko mu 1962 ku Fort Victoria imene pano ndi Masvingo. Koma chimene ndimawasirira kwambiri anzathuwa ndi scud, chigubu chabulauni chokamwa kwakukulu chija chimene anachitcha dzina la mizinga ya pa nkhondo ya ku Gulf ya 1991. Scud imabwezedwa, ukamaliza umakabweza chigubu, amakachitsuka nkuthiramonso. Munthu amatha kuinyamula kupita nayo kumunda, kumaliro, pa bawo, ndipo imasunga kamwedwe kakale kopatsirana. Kunena zoona pa zotengera zonse za mowa wa masese zimene zinapangidwa mchigawo chino, imeneyi ndi imene inaganiziridwa bwino.

Zambia ndi kumene Chibuku inabadwira, ku Kitwe mma 1950, Max Heinrich ndi amene anayamba kufulula mowa wachikuda ndi makina kuti azigulitsa kwa anthu ogwira ntchito mmigodi ya kopa. Kumenekonso kunali mabawa a migodi ndi a makhonsolo, mowa kumabwera pa galimoto ya thanki. Koma chimene chinasintha zinthu ndi phaketi ya lita imodzi, Shake Shake, yoyera yamizere yofiira ndi yabuluu. Muitenge muione bwinobwino pamwamba pake, pali kabowo kakang'ono, ndipo ikakhala padzuwa mumaona kathovu kakutuluka pamenepo nkumatsetsereka mmbali. Kabowo kameneko nde nzeru yonse, mowa ukupuma, phaketi siphulika. Umatseka ndi chala, kukhutchumula kuti masese asakhale pansi, kung'amba pakona nkumwa. Phaketi inachotsa mowa mu holo ya khonsolo nkuupititsa paliponse pamene munthu ali ndi kashedi ndi benchi. Koma a Zambia sanasiye diramu. Mmakomboni a ku Lusaka mowa wotunga mmadiramu apulasitiki umagulitsidwabe ngakhale malamulo amaletsa, ndipo National Breweries, kampani yofulula Chibuku kumeneko, yakhala ikudandaula kuti ukuwaphera msika chifukwa ndi wotchipa. Vuto la diramu aliyense amalidziwa, palibe amene angakuuze kuti munalowa madzi angati kapena linatsukidwa liti.

Nanga ife? Kuno matauni anali aang'ono nthawi ya atsamunda, migodi kunalibe, ndiye mowa wambiri unakhalabe mmanja mwa azimayi, mbiya, chimera, chipanda, ndi kachasu wa mmalo ngati Ndirande. Makhonsolo anadzakhala ndi mataveni awo inde, ndipo Chibuku inalowa nkukhazikika, koma mayi wofulula kumudzi sanathe mpaka lero. Mukapita pa mowa wa masese muone mmene amachitira, mwini mowa amatunga ndi chikho mu diramu, amayamba walawa yekha anthu akuona, kenako nkupereka, ndipo wogula amaloledwa kulawa kaye asanatulutse ndalama. Palibe kegi imene ingakupatse chikhulupiriro chimenecho. Apa ine ndimati tinachita mwayi kuposa South Africa, ndalama ya mowa inalipira fizi ana ambiri kudzera mmanja mwa amayi awo mmalo mopita ku ofesi ya bwanamkubwa.

Koma ku mbali ya mowa woyera ife ndife dziko la botolo basi. Carlsberg anatsegula fakitale ku Blantyre mu 1968, yoyamba kunja kwa Denmark, ndipo kuyambira pamenepo chilichonse chinamangidwa pa botolo lobweza ndi kreti, Green, Brown, Special, kenako Kuche Kuche, mpaka kampani ya ku France ya Castel inagula gawo lalikulu mu 2016 njira ndi yomweyo. Mowa wa pa mpopi umaupeza mmahotela ndi malo ochepa a mtauni, ukangotuluka pang'ono kulibe. Ndipo sindikuwada eni mabala, chifukwa kegi ili ndi zofuna zambiri, pafunika silinda ya gasi, makina oziziritsa amene sazima, kutsuka mapaipi pafupipafupi apo ayi mowa umanunkha, komanso makasitomala okwanira kuti kegi ikatsegulidwa ithe msanga. Nde ndi mmene magetsi amathimira kuno, munthu wa botolo sitolo pa Mponela kapena pa Luchenza angayerekeze? Botolo likafunda umangolibwezera mu fuliji mawa nkugulitsa, kegi ikaonongeka wataya malita 50 nthawi imodzi.

Mozambique ndi osiyana ndi tonsefe chifukwa anatengera Apwitikizi, mowa wawo wa mtauni unali lager kuyambira kale. Laurentina inayamba mu 1932 ku Lourenço Marques, Maputo ya lero, ndipo 2M anaitcha polemekeza Mac-Mahon, pulezidenti wa France amene mu 1875 anagamula kuti dera la Delagoa Bay, kumene kuli Maputo, likhale la Portugal osati Britain. Ku Maputo ndi ku Beira kumwa mowa wa pa mpopi mu tambula yaying'ono wozizira kwambiri ndi chinthu wamba mmalesitilanti, pamene kumidzi ya ku Tete anthu akumwa pombe ndi nipa chimodzimodzi ife. Ndipo atafuna kufikira anthu osauka sanayambire pa chotengera, anayambira pa chofululira, mu 2011 ku Nampula anatulutsa Impala wopangidwa ndi chinangwa, boma nkuchepetsa msonkho chifukwa chinangwacho chimagulidwa kwa alimi akonko. Chinangwa chimene chili mbwee ku Nkhata Bay ndi ku Nkhotakota, ife tikungochiyang'ana.

Zotsatsa malonda zakale nazonso zimaonetsa kusiyana komweku. Ku South Africa ndalama inalipo ndiye ankapanga nkhani zathunthu, Castle ankagulitsa ndi dzina la Charles Glass amene anayambitsa fakitale yake ku Johannesburg, ndipo mma 1980 tsankho lili mkati anayamba kuonetsa azungu ndi akuda akumwera limodzi. Black Label anayamba ndi makauboyi kenako nkusintha kumaonetsa amuna a mmigodi ndi mmafakitale akuweruka thukuta lili kamukamu, uthenga wake woti wagwira ntchito uyenera kumwa. Zambia anatenga mathithi a Mosi-oa-Tunya nkuwaika pa botolo, kumwa Mosi kukhala ngati kukonda dziko. Kuno TV inabwera mochedwa mu 1999 ndiye otsatsa ankadalira wailesi, makalendala, zikwangwani za mmisewu ndi penti, khoma lonse la taveni kulipaka mitundu ya Chibuku, botolo sitolo kuipaka girini, ndi mawu aja a Carlsberg oti Probably the best beer in the world amene anthu ankawadziwa olo asanapite kusukulu. Ndi mpira, Chibuku Cup ndi Carlsberg Cup zinali zikho zimene matimu ankazifera. Koma apanso Zimbabwe anatiposa, kuyambira 1963 ali ndi mpikisano wa magule wa Chibuku Neshamwari umene umachitikira mmabawa momwemo, ndipo magulu a gule wamkulu ndi beni a ana ndi adzukulu a Amalawi amene anatsalira mmigodi ndi mmafamu amavina nawo. Kutsatsa kwake nkomweko inde, cholinga ndi kugulitsa mowa, koma kwasunga ng'oma zikulira zaka zoposa 60.

Pano zonse zikusunthira ku pulasitiki. Chibuku Super inayamba ku Zambia mu 2012 kenako Zimbabwe ndi kuno, mowa wake amautenthetsa kuti usiye kuwira, amaikamo gasi, mphamvu imakhazikika pa 3.5 peresenti ndipo umakhala masiku 21 mmalo mwa 5. Kwa kampani ndi zabwino, galimoto itha kukafika ku Chitipa mowa usanasase, ndipo wogulitsa sataya katundu. Koma ndi njira yomwe ija ya Watney's, kupha mowa kuti ukwane mu chotengera, ndipo mabotolo ake sabwezedwa, adzadza mmingalande ya ku Lusaka, Harare ndi Lilongwe.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi chakuti pakati pa botolo lodula ndi kachasu panatsala mpata, ndipo umene unalowapo ndi mowa waukali wa mmasacheti. Zambia analetsa tujilijili mu 2012, ife tinatsatira pambuyo, koma unangosamukira mtimabotolo ting'onoting'ono ndipo anyamata a kabaza akumwabe mmawa dzuwa lisanakwere. Kenya, ngakhale si neba wa pa mpanda, anali ndi vuto ngati lomweli ndi chang'aa, kachasu wa kumeneko, amene ankapha anthu ndi kuwachititsa khungu. Mu 2004 East African Breweries anatulutsa Senator Keg, lager wa mu kegi wopopa ndi pampu ya pamanja, wogulitsa pa tambula mtimabala ta mmakomboni, popanda mtengo wa botolo ndipo boma linachepetsa msonkho kenako nkuuchotseratu. Mu 2013 boma litabwezeretsa msonkho malonda anagwa, mu 2015 anauchepetsanso, ndipo kenako kampaniyo inatsegula fakitale ku Kisumu yogula mapira kwa alimi ang'onoang'ono. Mapira ku Chikwawa ndi Nsanje alipo, mataveni a khonsolo alipo ena angokhala mabwinja, pampu ya pamanja safuna ESCOM. Chikusowa ndi kampani yofuna kugula makegi ndi kuwatolera sabata iliyonse, ndi a Unduna wa Zachuma kuvomera kutsitsa msonkho pa mowa wofululidwa ndi mbewu za alimi athu.