Dalaivala wa ambulansi amene munamupeza akugona pa Nkando uja

Maganizo anga. Lero ndilemba motalika, amene bandulo yakutherani mundikhululukire.

Loweruka lapitali ndinali kuchigayo pa Chitakale. Magetsi anali atangoyaka kumene, mzere wa matumba utafika mpaka panja. Amayi awiri kutsogolo kwanga anali pa nkhani ya ambulansi imene mmodzi wa iwo anaiona itaima m'mbali mwa msewu pa Nkando, Lachinayi m'bandakucha, iye akupita kokaoda tomato. Akuti dalaivala anali atatsamira mpando, kukamwa kuli yasa, tulo tofa nato. "Anthu akufa m'midzimu, iye ali kuliza mkonono m'galimoto ya chipatala." Mnzakeyo n'kuwonjezera kuti mwina anali atalawako. Ine ndinangoti zii, maso pa thumba langa la chimanga. Sindinawauze kuti munthu amene akumudya miseche ameneyo ndi amene ndimamuphikira nsima, bambo wa ana anga atatu.

Chipatala chimene amagwirako sindichitchula, ndipo musandifunse ku inbox. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndiye ndikuuzeni mmene linayendera tsiku limenelo.

Lachitatu bambo anadzuka 5:30 ngati masiku onse, 7:30 ali pantchito. Masana anakatenga wodwala ku chipatala chaching'ono cha mbali ya ku Muloza, ulendo wamba. Nthawi yoweruka itakwana anauzidwa kuti usikuwo ali pa kolo, kutanthauza kudikira kunyumba kuti aitanidwe nthawi ina iliyonse, chifukwa mnzawo amene anali pa rosita, pepala la ndondomeko ya ogwira ntchito, anapita kumaliro ku Phalombe. Anafika kunyumba, anasamba, anadya. Asanavule n'komwe nsapato kachiwiri, foni inalira cha m'ma 9:40. Mayi wachira ku chipatala chakumudzi koma magazi sakuleka. Msewu wake ndi uja wodutsa m'minda ya tiyi, wamiyala, woti ukathamanga wodwala amakuwa, ukayenda pang'onopang'ono namwino amakuwa. Anabwera naye cha m'ma 12. Madokotala atamuona anati ameneyu ndi wa ku Queens. 1 koloko ya usiku ali pa msewu wa Midima kulowera ku Blantyre. Kumeneko sufika n'kutsitsa munthu ngati thumba la makala ayi, umadikira alandiridwe, namwino apereke lipoti, mapepala asainidwe, machira abwezedwe. Ananyamuka kubwerera 4 koloko itadutsa. Pofika pa Nkando, akuti mzere woyera wa pakati pa msewu unayamba kuoneka iwiri. Anauza namwino kuti, "Sisitala, ndiime kaye, apo ayi tikathera mu Thuchila." Kumbuyo kunalibe wodwala. Anagona mphindi 40 basi, ndipo ndi mphindi zimenezo zimene mayi wa tomato uja anaona.

Werengani nokha. Kuyambira 5:30 Lachitatu kufika 5 koloko Lachinayi ndi maola pafupifupi 24 munthu asanatseke chikope. Ndipo chimene chinandipsetsa mtima n'chakuti 7:30 ya Lachinayi lomwelo dzina lawo linali pa rosita ya m'mawa, ngati kuti usiku wonse anali m'bulangete.

Vuto lagona pa mawu akuti kolo. Papepala, munthu wa pa kolo ali kunyumba, ndiye kuti akupuma. Wolemba rosita amawerenga masana asanu, n'kuika timakolo tiwiri kapena titatu pakati, n'kunena kuti sabata yakwana bwino. Koma kolo ya dalaivala wa ambulansi kuno ku Mulanje si yongodikira mwina. Usiku umene foni siilira ndi wowerengeka. Ngakhale isalire, tulo take n'totani? Foni ili pansi pa pilo, buluku lili pampando, makiyi ali mu nsapato kuti asasowe mumdima. Galu akauwa panja iwo adzambatuka. Ine ndemwe ndinasiya kugona bwino chaka chimene anayamba ntchito imeneyi.

Ena munena kuti mwamuna weniweni amapirira. Tulo si nkhani ya umuna. Mu 1997 akatswiri a ku Australia anayesa anthu osagona powayerekeza ndi anthu omwa mowa. Anapeza kuti munthu akakhala maso maola 17, manja ndi maso ake zimagwira ntchito ngati za munthu amene mowa m'magazi mwake wafika 0.05 peresenti, ndipo akafika maola 24 amafanana ndi wa 0.10. Malire a lamulo la pamsewu kuno kwathu ndi 0.08. Ndiye kuti mayi uja ponena kuti bambo anali atalawa sanaphonye kwenikweni, kungoti chimene chinawaledzeretsa ndi rosita. Wapolisi akanawaimitsa n'kuwauziritsa kachipangizo kaja sakanapeza kanthu, akanawapatsa sawasha n'kuwauza kuti pitirirani, abwana.

Ndipo tulo ta munthu wotopa sitigogoda. Timangobwera kwa masekondi atatu, anayi, maso ali chitsegukire. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadya mamita 22 pa sekondi iliyonse. Masekondi atatu ndi mamita 66, kupitirira theka la bwalo la mpira, popanda woyendetsa. Ikani mamita amenewo pa Nkando tsiku la msika, kapena pa Limbuli pamene akabaza amadzaza msewu mbali zonse, kapena m'makhotakhota a ku Thyolo mwezi wa June chiperoni chitagwa, nkhungu yoti nyali zimangowalira pa bonetipo. Nthawi yoipitsitsa ndi pakati pa 3 ndi 5 m'bandakucha, pamene thupi limafuna tulo mokakamiza, ndipo ndi nthawi yomweyo imene ambulansi zochokera ku Queens zimakhala zikubwerera.

Malemu bambo anga anagwira ntchito zaka zambiri mu fakitale ya tiyi. Nthawi ya dzinja, masamba akachuluka, makina sankazima usana ndi usiku. Koma iwo ankadziwa sabata yathunthu kuti alowa liti, atuluka liti, ndipo wa usiku akatuluka ankapita kukagona, wina n'kulowa. Sindikunena kuti kuesiteti kunali paradaiso, amene tinakulira m'makomboni tikudziwa. Ndikungoti anthu osamala masamba a tiyi anazindikira kalekale kuti munthu wosinza amawononga katundu. Nanga katundu wa mu ambulansi ndi wotchipa kuposa tiyi?

Lamulo lilipo. Employment Act ya chaka cha 2000 imati maola a ntchito pa sabata asapitirire 48, imati munthu akagwira masiku 6 otsatizana apume maola 24 osadukiza, ndipo maola owonjezera ali ndi malipiro ake apadera. Tsono tengani naiti ya anamwino m'zipatala zambiri zathu, yolowa 4:30 madzulo n'kutuluka 7:30 m'mawa. Amenewo ndi maola 15. Manaiti anayi otsatizana ndi maola 60. Pamwamba pake, tsiku la ofu amabwereranso kudzagwira lokamu, ntchito yapadera yolipidwa payokha, chifukwa anthu ndi ochepa, komanso chifukwa malipiro sakufika pa 15 pa mwezi, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023. Ndalama ya lokamuyo kuti ituluke, mwana amene anabadwa usiku umenewo amakhala atayamba kukwawa.

Za anamwino operekeza odwala ndiye sitizikamba n'komwe. Ku zipatala zazing'ono zambiri namwino wa azamba amakhala mmodzi kapena awiri, nyumba yake ili kuseri kwa chipatala komweko, magadiyani amagogoda pawindo la kuchipinda nthawi ina iliyonse. Iyeyo ndiye wachiritsa mayi, iyeyo ndiye wamuika diripi, iyeyo ndiye akwera naye ambulansi atagwira botolo m'mwamba galimoto ikudumpha m'maenje. Akabwerako m'mawa apeza amayi a sikelo atadzaza pabenchi. Mukamupeza wakwiya 10 koloko mumati anamwino a masiku ano alibe chikondi. Ena alibedi, sindikana. Koma ena angokhala kuti sanagone chigonere Lolemba.

Tisanamizane, madalaivala nawo si angelo. Tonse tinaonapo ambulansi itanyamula matumba a makala kapena anthu olipira. Alipo amene amazimitsa foni ali pa kolo n'kunamizira netiweki ya kuseri kwa phiri. Alipo amene amalimbirana maulendo a ku Blantyre chifukwa cha alawansi, ngakhale maso ali psuu. Bambo akwathu nawonso ndakangana nawo kangapo pa nkhani yomweyi: fizi ya mwana wa folomu 3 ikayandikira, mnzawo akangoti ndigwirireni usiku uno, iwo savuta. Amasinthana okhaokha pa foni, wolemba rosita osadziwa, mapeto ake munthu mmodzi wagwira mausiku atatu otsatizana pamene pepala la pakhoma likuonetsa mayina atatu osiyana. Apa ndiye pamene ndimati mlandu suli kwa mabwana okha.

Nthawi ya namondwe wa Freddy, mu March 2023, sindinadandaule ngakhale kamodzi. Milatho itakokoloka, Ruo atasefukira, matope ndi miyala zitatsika m'phiri, kolera imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno isanathe, bambo anatha masiku osabwera kunyumba ndipo ndinkangowatumizira zovala ndi mbatata yootcha. Pa tsoka lotere palibe amene amafunsa za rosita. Chimene ndikukana n'chakuti kagwiridwe ka nthawi ya Freddy kakhale ka Lachitatu wamba, kopanda mvula, kopanda namondwe, chifukwa chongoti wina wapita kumaliro ndipo palibe wolowa m'malo mwake. Maliro kwathu kuno si chinthu chodzidzimutsa wolemba rosita. Mwezi sutha.

Boma litayambitsa ambulansi za ngozi za nambala ya 118 pa msewu wa M1 pakati pa Blantyre ndi Lilongwe, tinamva kuti kuli anthu ophunzitsidwa ntchito imeneyi payokha. Zabwino. Koma kuno ku M2 ndi ku Midima wothandiza pangozi akadali dalaivala ndi namwino amene wapezeka pafupi. Andale akabwera kudzapereka ambulansi yatsopano timavina, riboni imadulidwa, makiyi amakwezedwa m'mwamba kuti ajambulidwe. Sindinamvepo wina akufunsa pamwambo wotero kuti galimotoyi ili ndi madalaivala angati. Galimoto imodzi yoyenda usana ndi usiku sabata yonse ndi maola 168. Gawani ndi 48, mupeza kuti ikufunika anthu osachepera atatu ndi theka, tingoti anayi, tisanawerengere tchuthi, matenda ndi maliro aja. Ife timaika awiri n'kumadabwa kuti akugona pa Nkando.

Zimene ndikupempha sizofuna ndalama za a World Bank. Amene wagwira kolo ndipo watulukadi usiku, m'mawa mwake asaoneke pa rosita, akagone, ndipo kugona kumeneko kulembedwe ngati gawo la ntchito, osati chifundo cha bwana. Buku la galimoto lija limene amalembamo makilomita ndi mafuta likhalenso ndi malo olemba nthawi imene dalaivala wanyamuka ndi imene wabwerako, kuti woyang'anira zamaulendo asanatume munthu ku Blantyre aone kaye kuti wakhala maso maola angati. Panopa mafuta a dizilo amawerengedwa mpaka lita yomaliza, maola a munthu ayi. Mausiku otsatizana asapitirire awiri kapena atatu. Kusinthana kuloledwe, ndife anthu, koma kudzere kwa wolemba rosita. Rosita ituluke mwezi usanayambe, osati pa 3 mwezi uli m'kati, kuti nafenso kunyumba tidziwe tsiku loti tikapalire nandolo limodzi. Ndipo dalaivala akanena kuti sindingathe, ndatopa, asamuone ngati waulesi kapena woukira. Pakadali pano mawu amenewo amawaopa kuposa ngozi yeniyeniyo, chifukwa akangowanena, mwezi wotsatira maulendo a alawansi amapita kwa ena.

A makomiti a zipatala, mafumu athu, makhansala, inu amene mumaitanidwa kumisonkhano ya zaumoyo kuboma: mukamafunsa za mankhwala osowa ndi mafuta a ambulansi, pemphaninso kuona pepala la rosita. Lili pakhoma, silobisika. Werengani mayina, muwerenge mausiku.

Mayi uja anatumizidwa ku Queens ndamva kuti anatuluka, ali kwawo ndi mwana wake. Sakudziwa dzina la amene anamuyendetsa, ndipo palibe chifukwa choti alidziwe. Amayi a kuchigayo aja, ngati uthengawu ungakupezeni, ndine uja ndinavala chitenje chobiriwira, amene munandithandiza kusenza thumba. Sindinakwiye nanu.

Pamene ndikulemba pano ndi 8:15 usiku. Bambo agona pampando wa pabalaza nsapato zili kuphazi, foni ili pachifuwa. Ana ndawauza achepetse wailesi. Lero ali pa kolo, mawa 7:30 dzina lawo lilinso pakhoma.