Agogo munawakhazika padzuwa, manyazi mulibe?

Zimene zinachitika Loweruka pamsonkhano wa chitukuko kwathu kuno ku Bangula zikundiwawabe. Mayi wokalamba, amene wathera moyo wake wonse akutumikira dera lino, munamusiya pansi padzuwa, atayala yekha chitenje pafumbi. Dzuwa la kuno mukulidziwa. Mutenti munadzaza anyamata a magalasi akuda, oti ndale aziyamba dzana, miyendo atapingasa, botolo la madzi ozizira m'manja. Mpando umodzi wa pulasitiki unasowa? Umodzi wokha?

Agogo amenewa anayamba kuyenda ndi gulu la amayi nthawi ya Kamuzu. Zisankho za makhansala zitachitika mu 2000 anthu anawasankha, ndipo makhansala atathetsedwa mu 2005 mpaka 2014 iwo sanaleke, ankapalasabe njinga mudzi ndi mudzi popanda cholowa m'thumba. Madzi atasefukira mu 2015 ndi iwo ankalemba mayina a amasiye kumakampu. Atsikana amene mumawaombera m'manja akamavina utse anawaphunzitsa ndani? Ndani ankakalipira odula mitengo pafupi ndi nkhalango yopatulika ya Khulubvi, kuti kwa Mbona si koothera makala? Lero mumanyada kuti a UNESCO akudziwa za Khulubvi, koma munthu woteteza nkhalangoyo mumamuona ngati wodzapempha ufa.

Chigwa cha Shire chino chinatulutsa a Esther Mcheka Chilenje, mpaka kufika pa wachiwiri kwa sipikala wa Nyumba ya Malamulo. Mukuganiza njirayo analambula ndani? Ndi amayi ngati awa, amene inu simungawapatse ngakhale pokhala.

Akuti mayina a okhala mutenti anachokera kuboma. Zaziii! Maso mulibe? Kuimirira kokha kumafunanso kalata? Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, inu mwawasandutsa chopondera.

Ndikudziwa zimene mukudikira. Tsiku limene adzatsikire kulichete mudzabwera ndi nkhata, bokosi lodula, mudzalimbirana maikolofoni kuti anali chipilala chathu. Ulemu wanu ndi wa pamaliro basi. Wamoyo fumbi, wakufa maluwa. Musadzabwere, ndanena ine.

Ndipo za msewu wa ku East Bank zija munalonjezanso Lowerukalo. Kuchokera ku Thabwa kukafika ku Makhanga mvula ikagwa mumadutsako inu? Chisankho chilichonse nyimbo yake yomweyo, mayi wapakati akunyamulidwabe pa kabaza.