Makina odulira fodya sabuntha msanga, amangomatidwa ndi utomoni

Anzanga amene mumadula nokha fodya wanu kunyumba, pali dandaulo limodzi lomwe limabwerabwera: akuti makina abuntha, sakudulanso, akungotafuna tsamba. Maganizo anga ndi akuti nthawi zambiri makinawo amakhala asanabunthe. Amakhala atamatidwa ndi utomoni, mwini wake n'kumawapukusa mwamphamvu mpaka kupinda chipeso, kachitsulo kokolopola fodya woduka. Chomvetsa chisoni n'chakuti ena akafika apa amatenga tupa kuti anole mano, ndipo kumeneko ndiye kuwapheratu.

Makina ambiri a pakhomo ali ndi marola awiri achitsulo okhala ndi mano ozungulira. Mano a rola imodzi amalowa m'mipata ya inzake, ndipo tsamba limaduka pamene mphepete za mano awiri zikupyolana, monga imadulira sizasi. Ena amadula fodya wa mamilimita 0.8, ena milimita imodzi, ena mpaka mamilimita awiri. Mipata ikachepa, makinawo amamatanso msanga. Pansi pa rola iliyonse pali chipeso, kachitsulo kopyapyala ka mano ambiri komwe kamalowa m'mipata ija n'kumakolopola fodya woduka kuti agwe. Pambali pali magiya, mabushi kapena mabering'i momwe marola amazungulira, ndi chopukusira kapena mota. Kudula konse kumadalira kuti mbali za mano zikhudzane ndendende. Mukapala ndi tupa mumachotsa chitsulo m'mbalimo, mpata umakula, ndipo tsamba limangopindikira mumpatamo osaduka. Chitsulo chimenecho sichibwereranso.

Chimene chimamata makina chimachokera ku tsamba lenilenilo. Tsamba la fodya lili ndi timaubweya totulutsa utomoni, uja umadetsa m'manja pokolola. Palinso shuga. Fodya wa Virginia woumitsa ndi kutentha m'mabani amasunga shuga wambiri, nthawi zina kufika 20 peresenti, pamene fodya wa bale (burley) woumitsa ndi mphepo amatsala ndi shuga wochepa kwambiri. N'chifukwa chake makina omwewo amatha kudula bale kwa nthawi yaitali osavuta, koma Virginia n'kuwamata posachedwa. Mukathira fodya uchi, manyuchi kapena gilisirini musanadule, ndiye mwawonjezera vuto. Ngati zingatheke, dulani kaye, zokometserazo muwaze pambuyo. Ngati mukufuna kuthira pa tsamba lathunthu, lisiyeni liume mpaka lisamamate zala, kenako mulifewetsenso ndi madzi okha.

Apa ndi pamene ndimaona kuti ntchito yosamala makina imayambira, pa chinyezi cha tsamba, burashi isanagwiridwe n'komwe. Tengani tsamba, mulifumbate, kenako mutambasule dzanja. Likathetheka n'kukhala zinyenyeswa, lauma kwambiri, ndipo mupeza fumbi lokhalokha lomwe limalowa m'mabushi. Likakhalabe lofumbatika, lozizira m'manja, osafuna kutambasuka, lanyowa kwambiri, ndipo marola alifinya m'malo molidula. Loyenera ndi lomwe limapindika osathyoka, n'kuyamba kutambasuka lokha, likumvekabe kuti tswatswa pang'ono. Pakati pa zolakwika ziwirizi, kunyowetsa ndiko kumawononga makina kwambiri. Pofewetsa tsamba louma, liwazeni madzi ochepa ndi kabotolo kopopera, mulitsekere m'pepala lapulasitiki usiku umodzi kuti chinyezi chilowe mkati. Kuwaza n'kudula nthawi yomweyo sikuthandiza, chifukwa kunja kumakhala konyowa mkati muli mouma. Likafewa mopitirira, liyalikeni pamthunzi mphindi 20 kapena 30.

Mtsempha waukulu wapakati pa tsamba uchotseni wonse, ngakhale kumapeto kumene ukuoneka wowonda. Umenewu ndiwo umapinda mano a chipeso ndi kukankha marola kuti atalikirane. Masamba a m'munsi mwa mtengo amakhala ndi mchenga wothovukira pa nthawi ya mvula, ndipo mchengawo ndi umene umabunthitsadi chitsulo, choncho akunthidwe kapena apukutidwe ndi burashi yofewa. Tsamba lilowe lopapatiza kuposa pakamwa pa makina, musiye kampata mbali zonse ziwiri. Likakhudza m'makona limakulungika kumapeto kwa rola, komwe chipeso sichifika, n'kulowa m'mabushi. Masamba awiri kapena atatu osanjikiza ndi okwanira pa makina ang'onoang'ono.

Tsopano kutsuka kwa tsiku ndi tsiku. Chitani tsiku lomwelo mwadula, utomoni ukadali wofewa. Ukagona umauma gwa, ndipo ntchito ya mphindi zisanu imasanduka ya ola lathunthu. Ngati ndi makina amagetsi, zulani pulagi kukhoma. Kungozimitsa siwichi sikokwanira pamene zala zili pafupi ndi marola. Yambani ndi burashi youma, mswachi wakale wolimba kapena burashi yopentera yodulidwa ubweya kuti ifupike. Tsukani motsatira mipata, mukupukusa pang'onopang'ono ndi dzanja, pamwamba ndi pansi pomwe. Mukatero nyowetsani mswachi ndi sipiriti, osati kuthira sipiritiyo pamakina, chifukwa ikayenderera imakasungunula oyilo wa m'mabushi. Pakani pa marola, dikirani mphindi ziwiri kapena zitatu kuti utomoni ufewe, tsukaninso, pukutani ndi kansalu kosasiya ulusi. Bwerezani mpaka kansaluko kasiye kuda. Zokakamira m'mipata zichotseni ndi kamtengo kotokosera m'mano kapena kansungwi kosongola. Singano, msomali ndi nsonga ya mpeni zimakanda mphepete za mano, ndipo pamalo pokandikapo ndi pamene utomoni umayambira kugwira ulendo wotsatira. Asiyeni makina poyera mphindi zosachepera 30, ndipo podzadulanso muyambe ndi masamba awiri osafunika, muwataye.

Sipiriti yake ikhale iti? Isopropyl kapena ethanol yoyera. Pali chinthu chimodzi chimene ambiri sachilingalira. Utomoni umasungunuka bwino mu sipiriti yamphamvu, ya 90 peresenti kupita m'mwamba, koma shuga sasungunuka bwino m'menemo, amafuna madzi. Ndiye ngati mwadula Virginia kapena fodya wothira zotsekemera, mukaona kuti sipiriti yamphamvu ikungosiya marola akunanda, yambani ndi ya 70 peresenti, yomwe gawo lotsalalo ndi madzi. Mumalize ndi yamphamvu kuti ichotse chinyezi chotsalira. Sipiriti yofiirira yoyatsira moto ija sindiilimbikitsa. Imakhala ndi utoto ndi mankhwala ena owawa omwe amatsalira pachitsulo. Petulo, palafini, dizilo ndi thina zisayandikire n'komwe pamalo podutsa tsamba. Fungo lake limalowa mufodya ndipo silichoka, komanso zina zimadya magiya apulasitiki ndi penti. Kumiza makina onse m'madzi a sopo ndi kulakwitsanso. Marola ambiri ndi achitsulo cholimba chomwe chimachita dzimbiri, ndipo madzi akalowa pakati pa mano ndi m'mabushi satuluka msanga.

Ena amadutsitsa pepala lonyowetsa ndi sipiriti pakati pa marola. Zimachotsako zapamwamba, koma pepala limasiya ulusi pansi pa chipeso, ndipo katoni yolimba imapanikiza magiya pachabe. Mswachi umaposa.

Chipeso ndicho chimafuna diso kwambiri, ndipo ndicho chimaiwalika chifukwa chili pansi. Fodya woduka amaunjikana pakati pa chipeso ndi rola, n'kumapanikizika mpaka kukhala chibuma cholimba. Chibumacho chimakankha mano a chipeso kuti atuluke m'mipata. Dzino limodzi likangotuluka, mpata umenewo sukolopoledwanso, fodya amazungulira ndi rola, n'kukoka ena, mpaka chopukusira chimalimba. Chikalimba, imani. Musakankhe. Dulani tsamba lotsala pamwamba, sololani lomwe lingasololeke, fewetsani chibumacho ndi sipiriti. Kubweza m'mbuyo kukhale pang'ono chabe komanso mosamala, chifukwa pa makina a chipeso chopyapyala fodya wobwerera amakola mano kumbuyo n'kuwapinda.

Mukamadula kawirikawiri, kapena mukaona fodya akutsalira pansi ngakhale mwatsuka, masulani chipeso. Musanamasule sikuluwu iliyonse jambulani ndi foni mbali zonse, ndipo ikani chizindikiro kuti chipeso cha kutsogolo ndi chiti, cha kumbuyo ndi chiti. Ziviikeni mu sipiriti m'kabotolo kotseka mphindi 15, tsukani ndi mswachi kuchokera kutsinde la mano kupita kunsonga, osati mopingasa. Chiyang'aneni poyera. Dzino lopindika liwongoleni ndi pulayala yaing'ono kamodzi kokha, pang'onopang'ono, chifukwa kulipinda uku ndi uku kumalithyola. Pobwezeretsa, mangani masikuluwu mosalimbitsa kaye, onetsetsani kuti dzino lililonse lalowa mumpata wake, pukusani kawiri katatu kuti chipeso chikhazikike, kenako mulimbitse mosinthanasinthana, kumanzere pang'ono, kumanja pang'ono. Chizikhudza pansi pa mpata mopepuka. Chikamalira ngati chikukanda chitsulo, chapanikizika kwambiri ndipo chidzasiya tizidutswa tachitsulo mufodya. Chikatalikira, chibuma chija chibwerera tsiku lomwelo.

Marola enieniwo musawachotse popanda chifukwa. Pa makina ena mano ake ndi timawilo tosiyana toloweka pamtengo umodzi wachitsulo, tolekanitsidwa ndi mawashala opyapyala. Washala imodzi ikasowa kapena kusinthana malo, mano a marola awiriwo amagundana m'malo molowana. Ngati mwakakamizika kumasula, yalani zonse pansalu motsatana monga zachokera.

Za oyilo. Dontho limodzi pa bushi iliyonse likwanira, ndi girisi wochepa ngati njere ya mpunga pa mano a magiya. Gwiritsani oyilo woyera wa mineral, uja amatchedwa liquid paraffin wogulitsidwa m'mafamase, kapena girisi wolembedwa kuti ndi wa makina opangira zakudya. Liquid paraffin ameneyu musamusokoneze ndi palafini wa nyali, ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mafuta ophikira ayi. Amaoneka ngati abwino sabata yoyamba, kenako amavunda, amanunkha, n'kuuma kukhala utomoni wina woipa kuposa wa fodya. Oyilo wa galimoto ndi WD-40, mafuta opopera omasulira zitsulo zadzimbiri aja, zisafike pa marola, popeza chilichonse chokhala pamenepo chimathera mufodya woti awotchedwe. Ndipo oyilo wambiri amaitana fumbi. Fumbi la fodya losakanikirana ndi oyilo ndi timchenga limadya bushi mkati, rola n'kuyamba kugwedera. Mukathira, pukusani, mupukute yense wotulukira kunja. Mabering'i otsekedwa ndi labala m'mbali safuna oyilo, akayamba kulira amangosinthidwa.

Dzimbiri likayamba, lichotseni ndi burashi yaing'ono ya waya wa mkuwa ndi sipiriti, motsatira mipata. Sitiliwulo imasiya tizidutswa m'mipata tomwe timachitanso dzimbiri. Ngati makina akhala miyezi osagwira ntchito, pakani marola oyilo woyera uja mopyapyala, akulungeni m'pepala louma, muwaike m'bokosi lotseka ndi timapaketi ta silika toyamwa chinyezi. Musanadulenso, chotsani oyiloyo ndi sipiriti. Musawasunge ndi zinyenyeswa mkati. Fodya amayamwa chinyezi cha mumpweya n'kuchisunga pachitsulo, amachita nkhungu, komanso tizirombo tofumbula fodya timaswana m'fumbi lomwelo n'kusamukira ku masamba amene mwasunga.

Pali amene amachotsa chopukusira n'kumangapo dirilo yamagetsi kuti ntchito ifulumire. Ine sindigwirizana nazo pa makina opangidwira dzanja. Dzanja limamva pamene makina ayamba kulimba, dirilo siimva, imangopitiriza mpaka giya itasweka mano kapena chipeso chitapindika chonse. Liwiro limatenthetsanso marola, utomoni n'kusungunuka n'kumata msanga. Ngakhale makina obwera ndi mota yawoyawo, apumitseni mota ikatentha, tsukani timabowo take tolowera mpweya, ndipo musawayatse sipiriti isanaume, chifukwa mota zina zimathetheka moto mkati.

Dzisamaleninso inu eni. Utomoni wosungunuka mu sipiriti uli ndi chikonga chambiri, ndipo chikonga chimalowa pakhungu n'kuyambitsa chizungulire, nseru ndi mutu. Valani magolovesi, tsegulani mawindo, musasute pafupi. Nsalu zopukutira ndi sipiriti yakuda yotsala zikhale kutali ndi ana ndi ziweto. Ndinenenso mosabisa kuti makina oyera sachotsa kuopsa kwa fodya m'thupi la wosuta. Amangoteteza kuti dzimbiri, nkhungu ndi oyilo zisawonjezerekepo.

Makina amadziulula okha vuto lake mukayang'ana fodya amene akutuluka. Akamatuluka wolumikizana, woduka mbali imodzi yokha, marola atalikirana kumbali inayo, ndiye onani bushi kapena bawuti yomasuka. Akamatuluka wofinyika, wakuda, wonanda, tsamba lanyowa kapena mipata yadzaza. Akamakulungika pamalo amodzi okhaokha, dzino la chipeso pamenepo lapindika kapena lathyoka. Chopukusira chikamadumpha, onani magiya kapena kasikuluwu komangira giya pamtengo wake. Kubuntha kwenikweni mumakudziwa pamene marola ndi oyera, chipeso chili m'malo, mabushi sakugwedera, tsamba lili pa chinyezi choyenera, koma likung'ambikabe m'litali monse mwa rola, ndipo mukayang'ana poyera mphepete za mano zikunyezimira mobulungira. Zikafika apo sinthani marola onse awiri pamodzi, chifukwa rola yatsopano yoikidwa ndi yakutha siidula bwino ndipo nayo imatha msanga.